Mmene Ndinadzutsira Limbani wa Ovaova

Ndinayambitsa ndine. Ndikunena poyambirira penipeni kuti inu ana anga, amene simunabadwe ndipo amayi anu sindinawaone n'komwe, musadzavutike kufunsa anthu a pa Santhe, chifukwa adzakuuzani zosokonekera. Ena adzati anali Che Jafali ndi dyera lawo, ena adzati anali ana othawa sukulu. Ayi. Amene anatsegula pakamwa tsiku lija ndine, Ganizani, ndipo pakamwa pomwepo ndikadali napo. Anzanga opuma pa ntchito amalemba mbiri yawo ali ndi imvi ndi ndodo. Ine andipumitsa ndisanayambe n'kumeta ndevu komwe, mano onse ali m'kamwa. Za ubwana wanga sindilemba. Munalibe kanthu koma mphere ndi kusoka fodya.

Fomu 2, nyengo ya okushoni

Ntchito yanga yoyamba inali ya pakhomo pa vidiyo ya Che Jafali. Che Jafali anali ndi golosale pa msika, ndipo kuseri kwake kunali chinyumba chimene kale ankasungiramo mabelo a fodya. Fungo la fodya silinachokemo. Mazenera anatseka ndi ziguduli, anaika mabenchi a matabwa osapala, kanema wamkulu patsogolo ndi chimkuzamawu padenga choitanira anthu. Ine ndinkalowetsa anthu ndi kuthamangitsa ana osuzumira m'ming'alu. Bwana wanga anali ndi malamulo ake: Lachisanu masana vidiyo inali yotseka mpaka abwere ku mzikiti, ndipo m'filimu mwamuna akangoyandikira mkazi, iwo ankathamangitsa ndi rimoti uku akuyang'ana kudenga. Koma anthu akamaphana ankasiya kuti tione bwinobwino.

Matenanti akalandira zawo, a kabaza akatopa, onse ankafuna chinthu chimodzi: nkhondo. Vuto linali chilankhulo. Asilikali a m'filimu amalankhula Chingerezi cha m'mphuno, ndipo nthawi zonse wina mumdimamo ankafunsa kuti, "Akuti chiyani?" Tsiku lina ndinayankha ndili pakhomo: "Akuti amene wadya ndiwo zanga adziulule ndisanatulutse bomba." Nyumba yonse inagwa ndi phwete. Mawa lake Che Jafali anandipatsa maikolofoni yomanga ndi mphira.

"Chizungu umachimva iwe?" anandifunsa.

"Ndili Fomu 2, bwana."

"Sindinafunse za Fomu. Basi, uzingoonetsetsa kuti pakamwa pasaume."

Chilungamo chake, ndinkatola mawu apa ndi apo ngati nkhuku pa mtondo. Zotsalazo ndinkapeka. Koma munthu ukaonera mafilimu a nkhondo tsiku ndi tsiku, umazindikira kuti kumasulira n'kosavuta chifukwa onse ndi filimu imodzi. Mzungu wafika m'dziko la eni. Eni dzikowo akuthamangira kumene kuli mfuti yake, ali pa mzere ngati akukalandira makuponi a feteleza, ndipo akugwa osanena kanthu. Nyumba zawo zikupsa, ng'oma ndi malipenga zikusangalala. Mfuti ya mzungu siitha zipolopolo. Koma mnzake mmodzi akangolasidwa, filimu yonse imaima: nyimbo yayamba kulira, atulutsa chithunzi cha mkazi wake, mvula yayamba kugwa. Ndinawafunsa Che Jafali kuti bwanji anthu enawo alibe akazi ndi zithunzi. Anali akuyeza shuga, ndipo sanatukule n'komwe mutu.

"Filimu amapanga ndi amene anapambana nkhondo," anatero. "Kapena amene anagonja koma ali ndi ndalama. Iwe tola maikolofoni, anthu akudikira."

Fomu 3, teremu yoyamba

Chaka chimenecho bwana anatsegula nthambi ku Lisasadzi ndipo ananditumiza kumeneko Loweruka lililonse. Musaganize za nthambi ngati ya banki. Chinali chigafa chopanda fodya, kanema wamng'ono womanga pa keliyala ya njinga, ndi jenereta imene inkatsokomola ngati nkhalamba yosuta chingambwe. Petulo ankasowa. Tinkagula wa m'mabotolo kwa anyamata a m'mbali mwa msewu, wosakaniza ndi zimene akudziwa okha. Tsiku lina nkhondo ili pakati, helikopita ili m'mwamba, jenereta inati phuphuphu, zii. Anthu anayamba kudzuka kuti andidye. Ine ndinaponya pansi maikolofoni yakufayo n'kupitiriza ndi pakamwa pokha: helikopita yatera, mzungu watsika, waponda chitosi, akutukwana. Anakhalanso pansi. Ndinawamalizira nkhondo yonse akuyang'ana galasi lakuda, ndipo potuluka ankatsutsana za mtundu wa malaya a mdani ngati anawaona. Pobwerera pa njinga ndinali ndi mantha pang'ono. Ndinazindikira kuti munthu amaona zimene wauzidwa.

Ku sukulu nakonso nkhondo inandipeza. Kunabwera makatoni a mabuku a mphatso ochokera kunja, ndipo aphunzitsi athu a mbiri yakale, a Mbewe, anandituma kuwasanja chifukwa ndinali pa chilango cha nkhani ina ya chule m'desiki. M'menemo munali chibuku cholemera cha nkhondo yaikulu ya azungu, mapepala osalala, zithunzi zambiri. A Mbewe anali atatiuza kuti anthu a kuno kwathu anatengedwa kupita ku nkhondo imeneyo, ena ndi mfuti, ena ndi katundu pamutu, ndipo ambiri sanabwerere. Ndinawafufuza m'bukumo tsamba ndi tsamba. Ndinawapeza pa chithunzi chimodzi. Patsogolo panali mzungu wa ndevu atakhala pa mpando, galu ali pa mapazi ake. Kumbuyo kunali anthu akuda ataima, opanda nsapato, maso ali pa wojambula. M'munsi analemba dzina la mzungu, udindo wake, dzina la galu, kenaka mawu akuti ena ndi onyamula katundu.

"Aphunzitsi, galuyu ali ndi dzina," ndinatero.

A Mbewe anavala magalasi, anayang'ana, anavulanso. "Pa mayeso sizibwera zimenezo," anatero. Koma bukulo sanandibwezere. Analiika pamwamba pa kabati, chagada.

Fomu 3, mwezi wa Malichi

Tsopano ndikuuzeni za Limbani. Anali mwana wa Mayi Nabanda, amene amagulitsa matimati pafupi ndi siteji ya minibasi. Bambo ake anamwalira kale, ndipo mwana wamwamuna anali yekhayo. Analowa usilikali ine ndili ku pulayimale, ndipo akabwera pa tchuthi ankatithamangitsa pa bwalo la mpira kuti tiphunzire kupuma. Kenaka anatumizidwa ku Congo kukasungitsa mtendere. Anabwerako m'bokosi lokutidwa ndi mbendera, fodya ali m'zigafa.

Maliro anali aakulu. Asilikali anaguba, anawombera mfuti kumwamba, ana anathamangira kutola zikhokhombe za zipolopolo. Koma chinthu chimodzi sichinachitike. Inu mukudziwa kuti kwathu kuno bokosi lisanatuluke m'siwa amalitsegula kumutu, anthu n'kudutsa pa mzere kuona nkhope, kuyambira amayi. Bokosi la Limbani linabwera lomata, ndipo amene analiperekeza anafotokoza mwaulemu kuti ulendo unali wautali, silingatsegulidwe. Mayi Nabanda anagwada. Ine ndinali pa zenera, ndinamva ndi makutu anga. "Ndingoona chipumi chokha," ankatero. "Musatsegule lonse. Chipumi chokha." Mchimwene wawo wa bambo wina, a Chisale, amene ndi mwinimbumba, anawadzutsa n'kuwatulutsa. Kuyambira pamenepo amayiwo sanalirenso, ngakhale kumanda. Ndipo kuseri anthu anayamba kunong'ona, monga amachitira, kuti ndani akudziwa, mwina taika thunthu la nthochi.

Fomu 3, mwezi wa Julayi

Filimu imene inabweretsa zonsezi sinali yosiyana ndi zinzake. Nkhalango, mtsinje, mzungu wa minofu. Koma kumbuyo kwa mzunguyo kunkayenda msilikali wakuda, wamtali, chipewa chachitsulo chitatsika mpaka m'maso, atabereka wailesi ya ovaova kumsana. Sankalankhula. Ntchito yake inali kupatsira foni bwana wake akatambasula dzanja. Filimu itafika pakati anafika pa mtsinje, kunali kuwomberana, ndipo tsidya linalo msilikali uja kunalibe. Sanaonetse kuti wafa, sanaonetse kuti wathawa, palibe anamufunsa. Filimu inangomuiwala. Ndinaionera ndekha m'mawa ndikusesa, ndipo ndinakumbukira galu uja.

Masana ake nyumba inali yodzaza. Msilikali uja atangotulukira, pakamwa panga panayabwa.

"Uyo kumbuyoyo mwamuzindikira? Ndi Limbani uyo. Limbani wa kwa Nabanda."

Ena anaseka. Kenaka wa kabaza wina kumbuyo anawomba m'manja, ndipo onse anatsatira. Ine ndinapenga. Ndinawauza kuti amene akudziwa njira ndi Limbani, amene akuitana ndege ndi Limbani, mzunguyo angokuwa chabe ndipo mfuti yake ikuwombera masamba. Mzungu akatambasula dzanja ndinkati, "Akupempha nzeru kwa Limbani." Anthu amene anaonera azungu akupambana moyo wawo wonse anaimirira pa mabenchi. Titafika pa mtsinje paja, mwana wina anafunsa mokweza kuti nanga Limbani ali kuti. Ndikanatha kunena chilichonse. Ndinati: "Watsala tsidya lino. Wati akayang'ane kaye njira ya kwawo."

Mukandifunsa ngati ndinalakwa kumupatsa dzina munthu uja, ndikuyankhani kuti ayi, ndipo mawa nditapatsidwanso maikolofoni ndikhoza kuchitanso. Ngati galu ali ndi dzina m'buku, wonyamula wailesi alekerenji? Chimene sindinaganize n'chakuti ana ali ndi miyendo. Dzuwa lisanalowe, msika wonse unali utamva kuti Limbani waoneka pa kanema, ali moyo, akufunafuna njira yobwerera.

Tsiku la msika lotsatira Mayi Nabanda anaima pakhomo pa vidiyo. Mzimayi wa msinkhu wawo salowa malo amenewa. Anyamata anazimitsa fodya, anawapatsa njira. Che Jafali anatuluka m'golosale akupukuta manja, anayesa kunena kanthu, koma amayiwo anali akuyang'ana ine.

"Ndiwe mwana wa a Kamanga?"

"Ndine, mayi."

"Akuti uli ndi mwana wanga umu."

"Mayi, zija ndi zocheza chabe, ndi filimu..."

"Yatsa ndione."

Anakhala pa benchi ya patsogolo, dengu la matimati lili pa miyendo. Ine ndinayesa kumasulira mwaulemu, osatchula dzina, koma nyumba yonse inkatchula m'malo mwanga. Msilikali uja akadutsa, amayiwo ankaweramira kutsogolo. Itatha filimu anatembenukira kwa ine.

"Chipewacho savula?" anafunsa.

"Savula, mayi."

"Kayendedwe ndi kake." Ananyamula dengu. "Ndibweranso."

Fomu 3, nyengo ya mphepo ndi fumbi

Anabweradi, tsiku la msika lililonse, ndipo chifukwa cha iwo anthu ankadzaza mpaka ena kukhala pansi. Ankabwera ochokera kutali pa njinga kudzaona msilikali wa kwathu ndi amake. Che Jafali analeka kugula mafilimu atsopano. Ine ndinkawonjezera nkhani sabata ndi sabata, chifukwa khamu likakuwombera m'manja umaledzera kuposa wa kachasu. Ndinamupatsa Limbani mawu, nthabwala, ngakhale chibwenzi cha ku Congo. Koma ndikafika pa mtsinje paja ndinkatsitsa mawu, chifukwa ndinkaona msana wa amayi aja ukuuma.

Kunja zinthu zinkaipa. A Chisale anali atagulitsa fodya wawo n'kugula simenti yomangira chiliza pa manda a Limbani, mvula isanabwere. Mayi Nabanda anakana. Anati munthu wamoyo samumangira chiliza. Matumba a simenti anangokhala pakhonde n'kuyamba kuuma ngati miyala. Anatulutsa zovala za Limbani zimene zinayenera kugawidwa, anazichapa, anazisita. Minibasi iliyonse ikaima, ankasiya kasitomala ali chiimire n'kupita kukayang'ana otsika mmodzimmodzi. Matimati ankawolera pa benchi. Anaonda mpaka chitenje chinkazungulira kawiri.

A Chisale anandipeza ndikutunga madzi pa mjigo. Ndi munthu wamfupi, wa manja akuda ndi utomoni wa fodya, wosakweza mawu.

"Iwe, mlongo wanga akutha. Ukumuona?"

"Ndikuwaona."

"Unamudzutsa ndiwe mwanayo. Ukamugoneke wekha. Ine sindikudziwa kuti uchita bwanji, koma mvula ikagwa chiliza chisanamangidwe, tiika awiri."

Nditawauza Che Jafali, anakanda ndevu. Si munthu woipa, koma anali atangogula jenereta yatsopano. "Kodi tawakakamiza kubwera?" anatero. "Mwina mtima wawo ukupepuka akamaona. Ndipo ukawauza anthu kuti unkanama, adzakhulupiriranso chiyani chotuluka m'chimkuzamawu changa? Usakhudze filimu imeneyo. Ukaikhudza, ntchito yatha."

Ndinayamba ndi njira yoongoka. Ndinapita pa benchi yawo, ndinakhala chonjuta ngati mwana wamakhalidwe, ndinawauza zonse: kuti filimuyo inajambulidwa kutsidya kwa nyanja, mwina Limbani asanabadwe, kuti munthuyo ndi wa zisudzo, kuti dzinalo ndinaika ndine chifukwa chokwiya ndi nkhani ya galu wa m'buku. Anandimvetsera akusanja matimati.

"Iweyo m'bokosi muja unaonamo?"

"Ayi, mayi."

"Inenso ayi. Ndiye iwe ndi ine tonse sitikudziwa. Koma pa kanema paja ndikuona munthu akuyenda." Anandipatsa tomato wophwanyika. "Pita, ukachedwa ku ntchito."

Apa m'pamene ndinamvetsa zimene eni mafilimu anadziwa kalekale. Zoona zanga zinalibe chithunzi. Bodza langa linali nacho. Ndinaganiza masiku angapo, ndikuyeza ntchito yanga, kuwomberedwa m'manja kuja, dzina langa pa msika, ndi khosi la amayi aja limene linkaoneka mitsempha. Ndisakunamizeni kuti ndinasankha msanga. Ntchitoyo ndinkaikonda kuposa sukulu, kuposa mpira. Koma pamapeto ndinatenga fulashi ya bwana, kachipangizo kosungira filimu ija, n'kupita kwa mnyamata woika nyimbo m'mafoni, amene ali ndi kompyuta. Asilikali akuda akufa m'mafilimu si osowa. Tinapeza wina atagona pansi pa mtengo, chipewa chili pambali, maso otseka, nkhope yoyera bwino monga amafera anthu a m'filimu. Tinamudula n'kumulumikiza m'filimu yathu, pambuyo pa mtsinje paja. Yunifolomu inali yosiyana pang'ono. Ndinati fumbi la pa galasi lithandiza.

Fomu 4, mwezi wa Okutobala

Linali tsiku la msika, dzuwa likuswa mtengo, malata akulira ndi kutentha. Ndinatumiza uthenga kwa a Chisale kuti abwere, ndipo anaima kumbuyo pafupi ndi khomo. Che Jafali anali m'golosale, osadziwa kanthu. Ndinamasulira monga mwa masiku onse mpaka pa mtsinje. Pamene anthu ankayembekeza kuona mzungu akutuluka m'madzi, panaoneka mtengo.

"Limbani njira anaipeza," ndinatero. Mawu anga ankamveka mpaka ku siteji. "Anayenda ndithu. Koma chipolopolo chinamupeza akuyang'ana kuno. Sanavutike. Anavula chipewa, anagona."

Nkhope itadzaza galasi lonse, ndinaimitsa filimu ndi rimoti.

Jenereta yokha inkalira kuseri. Ndinkaganiza kuti wina aponya njerwa. M'malo mwake a Chisale anavula chipewa chawo, anayenda pakati pa mabenchi, n'kunena ndi mawu amene amanenera m'siwa: "Tiyeni tione nkhope. Ayambe amayi."

Zimenezi sindinakonze ine. Anyamata anakankhira mabenchi kumbali. Azimayi a pa msika, amene anamva pa chimkuzamawu, anayamba kulowa akumanga mipango, ndipo wina anayambitsa nyimbo ya maliro chapansipansi. Mzere unapangika wokha. Mayi Nabanda anaika dengu pansi, anafika pa kanema, anawerama. Anayang'ana nthawi yaitali. Anatambasula chala n'kupukuta fumbi pa chipumi cha munthuyo, anayang'ananso.

"Si wanga uyu," anatero.



"Wanga ali ndi chipsera apa. Linamutema khasu ali wamng'ono, akulimbirana ndi ine kupalira. Uyu chipumi chake n'chosalala." Sanatembenuke. "Ndiye ujanso wa wailesi si wanga."

"Si wanu, mayi." Ndinaiwala kuti maikolofoni ili pakamwa. Msika wonse unamva.

"Uyu ndi mwana wa yani?"

"Sindikudziwa."

"Amake anamuona nkhope?"

Ndikanawauza kuti ndi wa zisudzo, kuti atatha kujambula anadzuka n'kukamwa tiyi. Ndinaganiza za anthu a pa mzere aja, ogwa osanena kanthu, ndi a pa chithunzi opanda nsapato. Ndinati, "Sindikukhulupirira, mayi."

"Ndiye ndamuonera ine," anatero. "Mwina wanganso wina anamuonera kumeneko."

Anamasula chitenje chapamwamba n'kufunditsa kanema yense, bwinobwino, akupinda m'makona. Kenaka analira. Kulira kumene kunakanika mu Malichi kunatuluka m'nyumba ya mabelo ija, ndipo azimayi anawagwira n'kukhala nawo pansi pa fumbi. Anthu anapitiriza kudutsa pa mzere, a kabaza, matenanti, ana, aliyense akuweramira chitenje chija. Che Jafali anafika akuthamanga, anaima pakhomo, anayang'ana. Anapita kuseri n'kuzimitsa jenereta.

Fomu 4, isanayambe mvula

Vidiyo sinadzukenso msanga. Anthu ankati nyumbayo yasanduka siwa, ndipo palibe amene ankafuna kuwombera m'manja mzungu pamalo pamene panalira Mayi Nabanda. Amene ankabwera ankafunsa mafunso osautsa: wagwayo ndi mwana wa yani, nyumba ikupsayo munali ndani. Bwana anasintha n'kuyamba kuonetsa mpira. Ineyo anandiitanira m'golosale.

"Ndinakuuza chiyani?"

"Munati ndikaikhudza ntchito yatha."

"Ndiye yatha. Wapuma, madala." Anatsegula kabati n'kundiponyera maikolofoni ya mphira ija, waya wake ataduka. "Penshoni yako iyo."

Mlandu unakambidwa pakhonde pa a Chisale, bambo anga alipo, akulu a mpingo alipo. Ananena zambiri za kusewera ndi maliro ndi za ana a masiku ano. Atandifunsa ngati ndikumva chisoni, ndinati ndikumva chisoni kuti sindinadziwe za chipsera, ndikanafuna wina wokhala nacho. Bambo anandiponda phazi. Chigamulo chinali chakuti ntchito yonse ya manja pa chiliza igwere ine: kuswa simenti youma ija kuti ikhale miyala ya pansi, kututa mchenga ku dambo pa wilibala, kutunga madzi, kusakaniza. Anayembekeza kuti ndilira. Ine ndinkatuta ndikumasulira wilibala ngati galimoto ya nkhondo, mpaka mmisiri anandiopseza ndi fosholo. Matuza anatuluka, anaphulika, anapola. Munthu amene wakula akusoka fodya sungamuopseze ndi mchenga.

Mayi Nabanda ali pa benchi yawo mpaka lero. Thupi linabwerera pang'ono. Zovala zija anagawa. Ndikadutsa amandiyankha moni, osapitirira apo, ndipo sindiwadandaula. Minibasi ikaima sadzukanso, koma mutu amatembenuzabe. Chimenecho sindinathe kuchotsa, ndipo sindikudziwa ngati ndinachiika ndine kapena bokosi lija.

Tsiku lomaliza, simenti ya pamwamba idakali yofewa, mmisiri anafunsa amene ali ndi dzanja labwino. A Chisale anayang'ana uku ndi uku, kenaka ananditolera msomali pansi.

"Wolakwa ndi yemweyo," anatero. "Amalize chilango chake."

Ndinagwada n'kulemba dzina lonse la Limbani, zilembo zazikulu, zakuya, kuposa za galu uja. Mukadzapita kumanda a kwa Nabanda mudzaone. Chilembo chomaliza n'chopendekeka chifukwa a Chisale anandimenya khofi pa nkhongo nditafunsa ngati ndisainenso langa m'munsi.